Mwana wa Yohane wa ku Norway

Okondedwa alongo anga a Mabvuto,

Muli bwanji ku Norway? Kuno ku Kabwata tili bwino, amama ayambanso kudya.

Mutithokozele alamu athu. Mutatiuza kuti dzina lao la Johansen litanthauza "mwana wa Yohane", amama anasiya kudya. Amvekele, "Kansi atate anu a Yohane anabeleka kunja osandiuza? Mabvuto wakwatila mlongo wake!"

Pa Sabata alamu anaimba foni. Anafotokoza mofatsa kuti Yohane waoyo anamwalila kalekale, agogo ao asanabadwe. Amama anaseka mpaka misozi, ndipo dzulo ndinawapelekeza kumanda kukapepesa kwa atate.

Amama akuti mubwele nao alamu pa Khisimasi, adzawaone ndi maso. Mulungu akusungeni nonse awili, ana a Yohane.

Ine mlongo wanu,
Tisa