Tsiku limene ndinatsika m'galimoto

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Rimuka tilipo. Kuzizira kwayamba, ndipo fumbi la thonje likuuluka m'misewu monga munalisiyira. Mlongo wanga Esnati wachira mwana wamkazi, wa makutu anu enieni. Chimanga cha ku Mubaira chinachita bwino, koma anankafumbwe atilowerera.

Chimene chimandiwawa sindinauze munthu. Chichokereni inu, m'nyumba muno mulibe wondiyankha m'Chichewa. Ndikapereka moni, amandibwezera m'Chishona. Nthawi zina ndimalankhula ndekha kuseri kwa nyumba kuti lilime lisaume, ndipo ndinkaopa kuti chinenero chathu tinachikwirira nanu limodzi ku Chegutu.

Mukukumbukira kagalimoto kanga kaja munkati kamatsokomola ngati nkhalamba? Sabata yatha mabuleki ake anafewa. Ndinaponda, phazi n'kungomira mpaka pansi, ndipo ndinakaima pa mpanda wa eni ake. Mwana wanga Chisomo, mdzukulu wanu uja munkamukalipira chifukwa cha zala za girisi, tsopano ndi makaniko weniweni. Anati mafuta a mabuleki anachepa, ndiye mpweya unalowa m'mapaipi. Anamata pamene pankadontha, nathira mafuta ena, n'kunena kuti kuchotsa mpweyawo ndi ntchito ya anthu awiri.

Ine ndinakhala pa chiwongolero. Iye anagona pansi pafupi ndi tayala lakumbuyo, ali ndi sipanala ndi kapaipi kolowa m'botolo. Ntchito yanga inali kupopa mabuleki katatu, kenako kuponda osasiya, iye n'kumasula kabawuti kuti thovu lituluke, n'kumanganso. Thovulo limatuluka pang'onopang'ono, Amayi. Paja munkati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzuwa linkandiwomba bwino pagalasi, ndipo maganizo anandithawa. Ndinapezeka ndili ku famu kuja, ndili mwana, nditakwera ngolo ya thirakitala pamwamba pa mabelo a thonje. Mabelowo ankanesa mofewa, kumwamba kuli mbee. Inu munaima pansi, duku lanu lofiira lija kumutu, mukundikodola.

Pomwepo ndinamva mawu akuti, "Tsikai! Tsikai, baba!"

Ndinachotsa phazi, kutsegula chitseko, n'kutsika. Ndinaima panjapo ngati mwana womvera, ndikukufunafunani ndi maso.

Mawuwo anali a Chisomo, akulankhula Chishona. Chishonacho ndimachidziwa kuyambira ndili wakhanda. Ndikudziwa bwino kuti m'Chishona kutsika ndi kuponda. Koma tsiku limenelo khutu langa linali kwa inu. Phazi litachoka kabawuti kali kotsegula, mpweya unabwerera m'mapaipi, ntchito ya ola lathunthu n'kupita pachabe.

Chisomo anatuluka pansi paja, nkhope ili bii, atakwiya. Nditamufotokozera, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako anasiya kuseka n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anabwerera pansi pa galimoto, ine n'kukhalanso pampando, manyazi atandigwira.

Ndinapopa katatu. Ndiye kuchokera pansi paja kunatuluka mawu, pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda pa miyala yoterera:

"Pondani, ababa. Musasiye mpaka ndikuuzeni."

Amayi, anakoka mawuwo momwe munkakokera inu. Ndinamufunsa kuti anazitenga kuti, iye n'kuyankha kuti, "Kwa agogo. Ndimangochita manyazi, ndimaphonya."

Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse, misozi ikugwera pa malaya, ndipo tinamaliza matayala onse anayi m'Chichewa. Anaphonyadi kangapo, koma sindinamukonze ngakhale liwu limodzi.

Loweruka ine ndi Chisomo tikubwera ku Chegutu kudzalambula pamanda panu. Ine ndidzakhala chete, ndikulonjeza. Moni adzapereka ndi iyeyo, ndiye musadzamuseke.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane