Makapisozi anga sindisiya

Linda, Livingstone
14 Ogasiti 2024

Amayi,

Muli bwanji ku Kateteko? Miyendo ija yaleka kutupa? Ine kuno ndilipo, kungoti m'mawa uliwonse ndimadzuka ndi mseru.

Kaphukusi munapatsira mnzanga Cheryl kanafika. Nditamasula n'kupeza mizu yothandiza kutenga pathupi, ndinaseka, kenako ndinapsa mtima mpaka misozi. Inu amayi anga ondibereka, mwamvera za apongozi osayamba mwandifunsa ine?

Imvani tsono kwa mwiniwakene. Chilonda cha patsaya langa si cha kulodzedwa ayi. Chaka chatha, ndikuphikira alendo pa lole ija yowatengera mpaka ku Kenya, tinkagona m'matenti, ndiye kunandiluma kantchentche kochepa kuposa udzudzu. Adokotala atadula kanyama n'kukapima anati ndi leishmaniasis, tizilombo tikudya khungu. Miyezi isanu ndi iwiri ndinapaka ichi ndi icho, chilonda chikungokula kulowera kumphuno. Kuntchito anandichotsa pa mapoto, ati alendo sangadye ataona nkhope yotere.

Mankhwala ake kuno kulibe. Anachita kuitanitsa kunja, ine n'kudikira masabata asanu ndi limodzi. Ndi makapisozi otchedwa miltefosine, omwa masiku 28, ndipo amasanzitsa koopsa. Asanandipatse, anesi anandipima ngati ndili ndi pakati, n'kundibaya jekeseni yolera. Anandiuza mosabisa kuti mankhwalawa amapundula mwana m'mimba, ndisayerekeze kuima mpaka patapita miyezi isanu nditamaliza. Bambo a kunyumba kuno, a Lubosi, anali pompo, anamva ndi makutu awo.

Apongozi anga, ba Mwanawina, anapeza khadi la kulera pansi pa matiresi athu. Kuchipinda kwa mwana wawo, amayi, manyazi alibe! Basi komboni yonse ya Linda yamva kuti zaka zitatu zonsezi ndilibe mwana chifukwa ndimabayitsa dala. Lamlungu anabwera ndi alongo awo, ati ndisiye jekeseni ndi makapisozi omwe, apo ayi ndilongedze.

Ndinagwada monga munandiphunzitsira, koma ndinayankha. Ndinati, “Mwanayo ndikumufuna kuposa nonsenu. Koma sindingamupundule ndikudziwa, n'cholinga choti kumsika wa Maramba aleke kukusekani.”

A Lubosi sanandiikire kumbuyo, maso pa nsapato. Zimenezo zandipweteka kuposa chilondachi.

Lero ndi tsiku lakhumi ndi chimodzi. Ndasanza kawiri, thupi latha, koma chilonda chayamba kuuma m'mbali ndipo sichikuchuchanso. Mwini chilonda ndiye amamva kuwawa kwake, ndiye asandiuze wina tsiku losiyira. Mizu yanu ndaisunga m'kabati, sindimwa.

Ndamva kuti apongozi akufuna kuitana amalume, ankhoswe anga, adzakambe mlandu. Pempho langa ndi limodzi lokha: musawatume kudzandipepesera. Sindinalakwire munthu. Akadzati ndichoke, ndidzachoka ndi makapisozi anga m'chikwama, otsalawo ndidzamwera pakhomo panu. Inu mungondiyalira mphasa, mafunso mudzafunse nditapola.

Mundiperekere moni kwa ababa, achemwali anga ndi ana awo, komanso amalumewo. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha pena.

Ndine mwana wanu, wouma mutu uja,
Tisauke