Chiliza cha Mwana Wamoyo

Chelstone, Lusaka
Lachiwiri, pa 11 Novembala

Okondedwa alongo anga a Dingani,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Katete. Bondo lija likukuvutanibe? Ine ndilipo, maso okha ndiwo akupita. Dzanja mukulionali si langa, paja kusukulu munapita ndinu, ine ndinatsala kupirikitsa mbalame m'munda. Akulemba ndi Ba Josephine, nesi wopuma pantchito amene tinayandikana nyumba. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse kalikonse. Foni sindinaifune, chifukwa ndi makutu anuwo mumakweza mawu mpaka mudzi wonse kumva. Kalatayi ndipatsira kondakitala kusiteshoni ya mabasi ya Intercity. Muiwerenge muli nokha.

Mwamva kale pa wailesi kuti atsikana athu a mpira atuluka mu mpikisano wa mayiko, ndipo kuti mwana wanga sanasewere masewero otsiriza. Akuti anavulala mutu. Zimenezo n'zoona, koma si zonse.

Mukudziwa kuti ine ndi malemu a Kabamba tinali ndi ana awiri, Mulubwa wamkulu ndi Nsofwa wamng'ono, osiyana zaka zitatu. Nsofwa munamuika m'manda ndi manja anu, matenda oumitsa khosi atamutenga ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Patapita nthawi munandifunsa chifukwa chake Mulubwa akutchedwa Nsofwa pa wailesi. Ndinakuyankhani kuti ndi mwambo wa kwawo kwa bambo ake ku Luapula, kuti wamoyo amalowa dzina la womwalira. Inu munati za eni ake sitilowerera. Alongo, ndinakunamizani. Palibe wachibale wa a Kabamba amene anakhalapo pansi pa nkhani imeneyi. Ndinaichita ndekha.

Zinayenda motere. Tidakali ku Kabwata, patatha zaka ziwiri chimwalirire Nsofwa, anabwera kunyumba Ba Jonas, kochi wa timu ya atsikana ya m'dera lathu. Anati, "Mayo, uyu mwana mpila auziba, sininaonepo. Manje ba timu ya ziko bafuna ba anda seventini, uyu apitilila na zaka zibili. Basi yamusiya."

Bamboyo sanandiuze chochita, ndisamunamizire. Anamwa madzi n'kumapita. Ine ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa khadi la kusikelo la Nsofwa. Mulubwa anali asanatenge reji, chitupa chija cha boma, chifukwa cha matenda a bambo ake ndi maliro awiri otsatizana. Thupi lake linali laling'ono, aliyense akanakhulupirira kuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu n'chimodzi. Ndinamuuza kuti mawa tikatenga reji ndi khadi ili. Analira, nati, "Mama, iyi ni zina ya mufana wanga." Ine ndinati, "Mng'ono wako salifunanso kumene aliko." Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwangamu. M'mawa mwake ndinadinda chala kulumbira kuti mwana ndabwera nayeyu ndi Nsofwa Kabamba. Mwezi womwewo tinasamukira kuno ku Chelstone, kumene kunalibe wotidziwa.

Sindikubisirani, ndanyada zaka zisanu ndi zinayi. Mwana wa ine wosadziwa kulemba, kuvala jezi ya dziko ya nambala naini, kukwera ndege ngati minibasi! Pamsika amandipatsa mpando, makondakitala amati, "Ba mayo ba Nsofwa bankale kusogolo." Ndinkakhala kutsogoloko mutu uli m'mwamba.

Koma pali chimene sindinauzepo munthu. Akamwetsa chigoli, Chelstone yense amakuwa, "Nsofwa! Nsofwa!" Ndiye phokoso likangotsika, ndimamva mawu aang'ono kuchipinda akuyankha, "Mukwai?" monga bambo ake anamuphunzitsira kuvomera akaitanidwa. Si maloto, alongo, dzuwa limakhala likuswa mtengo. Ndimapita kukasuzumira. Ndimapeza bedi loyala bwino ndi katani ikugwedezeka. Dziko lonse limaitana mwana wogona, ndipo iye, mwana womvera uja, amavomera.

Chaka chatha ndinapita kumanda kukalambula, ndinapeza kachitsulo kolembedwa nambala atakazula otola zitsulo. Manda ndinawazindikira powerenga mitumbira kuchokera pa mtengo wa mthethe. Ndinaona kuti maso angawa akatseka, palibe adzadziwe pamene mwanayo agona. Choncho ndinapita kwa Meshack, wosema ziliza kuseri kwa msika, kuti apange chiliza. Anatenga pensulo nati, "Zina, mayo?" Ndinati Nsofwa Kabamba. Anaseka nati, "Ah, monga nambala naini wathu! Imwe sindimwe ba mayo bake? Nanga amwalila liti, si dzulo tamuona pa TV?" Anthu awiri amene ankasankha miyala anatembenuka. Ndinati, "Ukalamba, mwananga, lilime laterereka. Lemba Mulubwa." Anafunsa tsiku lobadwa, ndinamupatsa la Mulubwa.

Kuchoka pamenepo ndikanatha kubwerera n'kumuletsa. Sindinabwerere. Chiliza tinakavundukula ndi amayi anayi a kumpingo, Ba Josephine mmodzi wa iwo. Inu malume ake sindinakuitaneni, Mulubwa sindinamuuze. Tinaimba, tinaika maluwa pa dzina la mwana amene tsiku lomwelo anali ku kampu akuthamanga.

Tsopano za sabata yatha. Lachiwiri masana kunali masewero olowera mu ndime yachiwiri kwa yomaliza. Magetsi anali atathima, ndiye tinadzazana kwa Ba Josephine chifukwa ali ndi sola. Chakumapeto mpira unabwera m'mwamba, mwana wanga analumpha, goloboyi wa timu ina analumphanso, mitu inawombana. Mpira unalowa. Anthu m'nyumba anadumpha, ena kugubuduza mipando. Ine ndinaona chimodzi chokha: mwana wanga ali chagada pa udzu, manja m'mbali, osagwedezeka. Anagona ndendende monga ndinagonekera mng'ono wake. Pamenepo ndinaona chiliza chija ndi zilembo zake, ine wosadziwa kuwerenga. Ndinakuwa, "Mulubwa, uka! Mulubwa, si iwe!"

Mayi wina anati, "Ba mayo basokonezeka, Mulubwa nindani?" Ena anaseka. Ba Josephine sanaseke. Anandigwira dzanja n'kunditulutsa panja, nati, "Ba Tikambenji, uja Mulubwa tinaikila maluba, nindani agona paja?" Ndinawauza zonse titaima pafupi ndi thanki ya madzi. N'chifukwa chake ndi iwo akulemba kalatayi.

Mwana wanga anamutulutsa m'bwalo pa machira, koma timu yathu inapambana. Lachitatu m'mawa Mulubwa anaimba foni, mawu ali ofooka koma akuyesa kuseka. Anati, "Mama, nachita vintu. Pamene nauka dokota anifunsa zina, kuti aone ngati mutu uli bwino. Nakamba ati Mulubwa. Anifunsa tsiku yobadwa, nakamba yanga yeniyeni. Manje balemba ati mutu wasokonezeka." Ba Josephine akuti ndi mmene amachitira, wogunda mutu amamufunsa zinthu zimene munthu sangaiwale. Mwana wanga anayankha zoona, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi, ndipo zoonazo zinalembedwa ngati matenda.

Mulubwa anati dokotala adzamufunsanso Lachisanu. Akayankha monga zilili pa pasipoti, ndipo zina zonse zikakhala bwino, mwina amulola kusewera Lamlungu. Anati, "Mama, nikambe chani?"

Alongo, kunja kwa geti kunali anthu atabwera kudzafunsa za nambala naini wawo. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti, kamba Nsofwa, dziko likukudikira. Koma ndinamuuza za chiliza. Ndinamuuza za Meshack ndi pensulo yake, za maluwa, za tsiku lake lobadwa lozokotedwa pamwala. Kenako anati, "So mwanishika kudala, mama?" Kushika ndiko kuika m'manda, kudala ndiko kalekale, mmene amanenera kuno. Anati, "Na Nsofwa agona na zina yanga, ine niyenda na yake. Tonse tibili palibe ali pamalo pake." Anadula.

Lachinayi lonse sanaimbe. Ndinakhala pakhonde foni ili pamiyendo, osadya. Lachisanu madzulo dzuwa lisanalowe inalira. Anati dokotala anamufunsa, ndipo anayankha kuti Mulubwa Kabamba, wa zaka makumi awiri ndi zisanu n'zitatu. Dokotala atayamba kulemba, Mulubwa anamugwira dzanja nati mutu uli bwino, aitane akuluakulu a timu, ali ndi mawu. Anawauza zonse. Ndinafunsa ngati anatchula kuti ndine ndinayambitsa. Anati, "Nakamba ati tinachita tibili. Nenze mukulu, nenze na kamwa."

Lamlungu anzake anasewera popanda iye, anagonja ndi chigoli chimodzi. Iye anaonera ali m'chipinda cha ku hotela. Ine sindinapite kwa Ba Josephine, ndinakhala m'nyumba mwanga. Chelstone anali zii. Palibe anakuwa dzina, ndipo kuchipinda sikunamveke kanthu.

Akuluakuluwo amuuza kuti asayankhule ndi atolankhani mpaka atafika kuno. Chimene chidzatsatire sitikuchidziwa. Jezi ija sadzaivalanso, zimenezo wanena yekha. Panali timu ya kunja imene inkamufuna, imeneyo iiwalike. Ba Josephine akuti za reji ndi mlandu, ndipo chala chimene chinadinda ndi changa. Ndachapa chitenje changa chabwino, akandiitana ndipita ndekha, sadzachita kundinyamula. Mpando wa pamsika uja adzaupatsa wina. Nkhaniyi ikatuluka, dzina la kwathu lidzamveka pa wailesi ku Katete komweko, ndiye ndati muimve kwa ine musanaimve kwa anthu.

Pempho langa ndi ili. Ndege yawo ifika Lachisanu. Mulubwa wanena kuti kunyumba kuno salowa asanapite kumanda, akagona kwa mnzake ku Woodlands. Akufuna chiliza chichotsedwe Loweruka m'mawa, iye ali pomwepo. Meshack ndamuuza kale. Anavula chipewa n'kukhala pa mwala, kenako anati chatsopano asema, koma chakale sachikhudza popanda mwini mbumba, chifukwa sanagwetsepo chiliza cha munthu wamoyo. Mwini mbumba ndinu. Ndinakulambalalani pomanga, sindingakulambalaleninso pogwetsa. Bwerani ndi basi ya Lachisanu, Ba Josephine adzakuchingamirani ku Intercity. Ngati mukufuna kundikalipira, mudzandikalipire pamaso pa ana onse awiri, ndidzagwada ndi kumva.

Sindikudziwa ngati Mulubwa adzabwera kunyumba tikachoka kumandako. Sindinamufunse. Bedi lake ndayala.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mbewu ya nyemba ija inabereka. Moni kwa Mabvuto ndi mkazi wake, ndi kwa onse otifunira zabwino. Ba Josephine akupereka moni, akuti dzanja latopa ndipo maso awo sakuonanso bwino mizere. Mdzukulu wa amayi athu, mphwanu Mulubwa, wati ndikuuzeni kuti malume abwere ndi nyundo. Akakufunsani kumudziko kuti mukupita ku Lusaka kukatani, musanene kuti kuli matenda. Munene kuti mukupita kukalemba dzina pa manda a Nsofwa, amene anamwalira zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndi kukaona Mulubwa, amene ali moyo.

Ndine mlongo wanu,
Tikambenji, amake Mulubwa