Mayendedwe a Atate Andipeza ku Kafue

Nangongwe,
Kafue.

Okondedwa alongo anga a Emelia,

Landirani moni wochokera kuno ku Kafue. Muli bwanji kumeneko ku Katete, inu ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, chifuwa chija chinawasiya? Kuno akazi anga a Choolwe ali bwino. Mwana wathu Jasmine watalika moti simungamuzindikire. Mvula inachedwa, koma itabwera yatisiyira matope osaneneka mu Nangongwe muno.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Masiku ano ndikalankhula nthawi yaitali lilime limalemera, ndipo mukanazindikira nkhani ndisanaimalize. Zilembo zokhotakhota mukuonazi ndi zanga ndithu.

Zinayamba chaka chatha nthawi yozizira. Ndinkapunthwa pamalo opanda mwala, ine n'kumada nsapato. Kenako kufakitale, pokwera makwerero kukakonza malamba a makina, phazi linayamba kuponda pamene sindinalitume. Tsiku lina m'mawa mlonda wa pageti anandiimitsa anthu onse akuona. "Ba Sakala, mwakolewa kuseniseni?" Anandipatsa kachipangizo koyezera mowa kuti ndiuzire. Sikanapeze kanthu. Anati ndiuzirenso, chimodzimodzi. Inu mukudziwa kuti mowa sindinaulawepo. Mabwana anandichotsa pamakwerero, tsopano ndimakhala m'chipinda cha zipangizo, kupereka masipanala kwa anzanga. Ntchito ilipobe, kaya mpaka liti.

Koma chimene chinandiopsa ndi china. Loweruka lina masana ndinkachokera kumsika ndi kajumbo ka nsomba, ndikudutsa pamashopu a m'tauni. Pagalasi la shopu ina ndinaona mwamuna akuyenda atatangadza miyendo, dzanja limodzi atalitambasula pang'ono ngati akufunafuna khoma, maso ali kumapazi. Alongo, anali atate. Ndinaima, nawonso anaima. Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo mpaka mwini shopu anatuluka kudzandifunsa ngati ndikufuna madzi.

Kuyambira tsikulo ndimawamva. Ndikamayenda pasimenti m'nyumba muno, phazi limodzi limamenya pansi mwamphamvu, linalo limakwekwereza. Ndi mmene tinkadziwira kuti atate afika pakhonde kuchokera kutchalitchi. Ndakhala ndikukumbukira zinthu zimene ndinkaganiza kuti ndinaziiwala: ana a pachitsime akuwatsanzira kumbuyo, akulu a mpingo atabwera kudzawachotsa paudindo, amayi akufufuza botolo la mowa m'nkhokwe ndi kudenga osalipeza. Atatewo sankakangana ndi munthu. Ankangoti nthaka ikuwathawa. Mawu amenewo tsopano ndikuwamvetsa, chifukwa palibe ena oposa pamenepo.

A Choolwe anayamba anditengera kutchalitchi kwawo. Abusa anati ndi temberero la kumtundu. Atangondikhudza pachipumi ndinagwa chagada, anthu n'kuwomba m'manja kuti chiwanda chatuluka. Ine ndinadziwa kuti ndagwa chifukwa anandiuza kuti nditseke maso mapazi ali pamodzi. Titafika pakhomo a Choolwe anati mawa lake tipite kuchipatala. Kumeneko anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lusaka.

Tinaonana ndi dokotala wa ubongo ndi mitsempha, mayi wofatsa dzina lake a Chimuka. Anandiuza kuti ndikhudze mphuno yanga kenako chala chawo. Chala changa chinkapitirira, n'kubwerera chikunjenjemera. Anati ndiyende chidendene chikugunda zala ngati pamzere. Ndikanagwa a Choolwe akanapanda kundigwira. Kenako anamenya kachitsulo kolira n'kukagunditsa pakakolo, ndipo ndinakamva bwinobwino. Anati miyendo yanga ilibe mlandu.

Atandijambula mutu anandionetsa chithunzi pakompyuta. Kunkhongo, pamwamba pa khosi, kuli kaubongo kena kakang'ono, amakatcha serebelamu. Pachithunzi kamaoneka ngati kamtengo ka nthambi zothithikana. Kanga nthambi zake zatalikirana ngati mtengo woyoyoka masamba.

Ndiyesa kukufotokozerani mmene anandifotokozera. Anati mapazi, mawondo ndi minofu zimatumiza uthenga m'mwamba kudzera mumsana nthawi zonse, ife osadziwa: phazi lili apa, laponda potsetsereka, bondo lapindika chonchi. Uthengawo umafika patsinde la ubongo, pamene pali timitsempha toteteza munthu kuti asagwe, tomwe timalandiranso uthenga wa m'kati mwa khutu. Kaubongo kaja ndi kamene kamapeta uthenga wa m'miyendowo, wina kuuchepetsa, wina kuukweza, kuti thupi lidziwongole pa nthawi yake ndi pamlingo wake. Kakafooka, uthenga umafikabe, koma wosapeta. Ndiye thupi limadziwongola mochedwa, kapena mopitirira muyeso, munthu n'kumadzandira.

Kenako anandifunsa ngati kumtundu kwathu kunali wina woyenda chonchi. Ndinawauza za atate, zonse, mpaka za botolo losapezeka lija. Anasiya kulemba n'kundiyang'ana. "Ba Sakala, sindinawaone atate anu, koma mmene mwafotokozeramu, ndikukhulupirira kuti ankadwala." A Choolwe ndi amene analira. Ine ndinangoyang'ana kamtengo kaja.

Anati matendawa alipo amitundumitundu, ndipo ina imayenda m'magazi. Mwana akhoza kutengera, akhozanso osatengera. Mankhwala ochiziratu palibe pakadali pano, koma pali zolimbitsa thupi zothandiza kuti munthu ayendebe. Ndimapita Lachiwiri lililonse kukaphunzira kuima ndi kutembenuka ngati khanda. Pokwera minibasi makondakitala ena amaseka, ena amandigwira mkono.

Chondisowetsa mtendere ndi Jasmine. Akamalumpha chingwe ndi anzake panja, ndimapezeka ndaima pakhomo, maso ali pamapazi ake. Dzana anasiya kulumpha n'kundifunsa kuti, "Adadi, muniyang'ana chani?" Ndinati ndikuona mmene wakulira. Sanapunthwe ngakhale kamodzi. Dokotala anati kaya watengera kaya ayi, sizingaoneke msanga. Komabe ndimayang'ana.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapeza mpata, pitani ku Chadiza kwa azakhali a Agatha. Mwa abale a atate atsala ndi iwo okha, ndipo akalamba. Mukawafunse bwinobwino, muli awiri, kuti ndani wina kwawoko ankayenda chonchi, anayamba ali ndi zaka zingati, ndipo anakhala nthawi yaitali bwanji. Tili ana ndinamvapo za mchimwene wina wa atate amene sankatuluka m'nyumba, koma nkhaniyo ankaidula tikayandikira. Dokotala akufuna kudziwa zimenezi asanandiyeze magazi. Azakhali akakana, muwauze kuti si zofuna kuimba mlandu munthu, ndi za ana athu.

Amayi musawauze kaye. Ndibwera ndekha mukakolola, ndidzakhale nawo pansi. Nkhani ya amuna awo siyoti aimvere kwa wina.

Tsopano ndikufunseni inu. Pamaliro a amalume chaka chatha ndinakuonani mukuchokera kumjigo ndi ndowa. Mutatula, munagwira khoma la khitchini kwa kanthawi, ndipo potembenuka munachita kusuntha phazi limodzilimodzi. Munati ndi chizungulire cha dzuwa, ine ndinakhulupirira. Mwina linalidi dzuwa. Ndikupemphera kuti likhale dzuwa. Koma poyankha kalatayi musandilembere za chimanga ndi mbuzi zokha. Mundiuze zoona, ndine mlongo wanu, sindidzaseka ndipo sindidzauza munthu.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga, kwa ana Obed ndi Yande, ndi kwa amayi aang'ono ndi banja lawo lonse. A Choolwe akuti zikomo chifukwa cha nshawa zija, mtedza munatitumizira uja. Jasmine akupereka moni kwa asuweni ake.

Mulungu akusungeni, alongo.

Ndine mlongo wanu,
Luckson Sakala