Foni ikuti ndili bwino, mutu ukuti ayi

Aphungu,

Mvula yagwa kuyambira m'mamawa ndipo yangokata kumene masana ano. Kumunda sikupitika, msewu wa ku Kachulu ndi matope okhaokha, ndiye ndati ndikhale pakhonde ndikulembereni. Mukhululuke kalembedwe kanga, sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Kulemba ndimayesako, koma kulankhula pamaso pa munthu lilime limandithawa. Ngakhale nkhuku yanga ikalowa m'nyumba ya eni, ndimaima kuseri kudikira ituluke yokha, kuopa kunena odi.

Ndili ndi zaka 24, ndili pabanja, mwana mmodzi dzina lake Gift. Ndimadwala matenda othamanga magazi, a BP aja. Anandipeza nawo ndili woyembekezera ndipo sanachokenso. Mayi anga anagwa ndi matenda omwewa. Panopa mbali yakumanzere siigwira, timachita kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Choncho kumene matendawa amathera ndimakudziwa.

Chaka chatha a Jessie, alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, anatiikira pulogalamu pafoni. M'mawa uliwonse foni imalira, kenako mawu a mayi wina amati, "Mwadzuka bwanji lero?" Pamabwera tinkhope titatu: koseka, kongoyang'ana ndi kolira. Umadina kamene kakufanana ndi mmene ukumvera. Ikatero imafunsa ngati mutu ukupweteka, ngati miyendo yatupa, ngati wamwa mankhwala. Mayankhowo amapita kwa a Jessie. Odina kolira amawaitana kukayezedwa. Amene ali bwino amangotuma munthu kukawatengera mankhwala, osavutika ndi ulendo.

Tsopano Aphungu, musandiseke. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akakupatsa moni umayankha kuti wadzuka bwino, ngakhale utachezera kubuula. Za matenda umanena pambuyo, mlendo atakhala pamphasa, mwacheza za mvula, iye n'kufunsanso kachiwiri. Mayi wa m'foniyu safunsa kachiwiri. Komanso mawu ake ndi aulemu ngati a amayi busa. Ndingayambe bwanji tsiku ndi kumuonetsa nkhope yolira? Ndiye ndimadina koseka. Masiku oyamba ndinkachita kuigwira foniyo ndi manja awiri n'kuyankhanso pakamwa kuti, "Kaya inu." Mafunso otsatirawo, poti ndanena kale kuti ndili bwino, ndimaona ngati kudzitsutsa ndekha, ndiye ndimangoti mutu ayi, miyendo ayi, mankhwala inde.

Limenelo ndi theka chabe la uchitsiru wanga. Foniyo ndi ya amuna anga, a Pitala. Iwo amatchera miono panyanja ya Chilwa, ndipo akalowa amakakhala m'zimbowera, tinyumba ta pamadzi tija, milungu ingapo osatuluka. Foni amapita nayo chifukwa ndi imene amamvanirana ndi ogula nsomba. Tsiku lina ndinawafunsa kuti mayi uja akayamba kufunsa amatani. Anati, "Amake Gift, ine ndimangodina kankhope koseka kuti akhale chete. Ukadina kolira amachulutsa mafunso, batire n'kutha." Ndinati, "Nanga za mankhwala?" Anati, "Ndimati mwamwa. Simumwa kodi?"

Ndinangoseka n'kulowa kukhitchini. Zoona zake n'zakuti foni ikachoka ndimaiwala. Kale ndinkamwa ndikangokoleza moto m'mawa, osaphonya. Foni itabwera ndinapumitsa mutu wanga, ndinayamba kudikira kuti ilire. Ndiye iyo ikamalira pakati pa nyanja, kukumbutsa a Pitala ndi milamba yawo, mankhwala amakhala ali phee m'kachitini, ine ndili m'matope kuwokera mpunga.

Thupi layamba kundiuza zina. Mutu umandigunda kunkhongo. Ndikawerama kumunda n'kuweramuka ndimaona tinyenyezi dzuwa lili pamutu. Sabata yatha dzanja lamanzere linachita dzanzi mpaka mbande zinandipulumuka, patapita kanthawi linabwerera. Sindinauze munthu. M'mawa mwake foni inali pakhomo, ndipo ndinadina koseka.

Dzulo a Jessie anadutsa panjinga, nkhope ili ngwee. Anati, "Achemwali, m'dera lonse lino palibe wokuposani. Chiyambireni simunadandaulepo, simunaphonyepo mankhwala. Kumapeto kwa mwezi uno mudzaime kutsogolo kwa anzanu kuchipatala, muwauze mmene mumachitira. Ndiponso tikuikani m'gulu lolandira mankhwala a miyezi itatu, musamavutike n'kubwera." Ine mutu ukugunda, ndinanyonyomala n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri."

Ndikuchita manyazi kunena, koma chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri si dzanja, ndi kuima pagulu kuja. Ndaganiza zouza a Jessie kuti foni inagwera m'nyanja, nkhani ithere pomwepo. Koma ndikayang'ana mayi anga pamphasa, ndi Gift amene sanayambe ndi sukulu yomwe, mtima umandiuza kuti ulemu umenewu undipha ndikumwetulira. Kuwauza a Jessie zoona ndikuopa kuwachititsa manyazi, poti ananditamanda kale kwa akuluakulu awo. Nditani? Nambala ya foni ndalemba kuseri kwa pepalali.

Ndamaliza kulemba lero Lachiwiri, cha m'ma 4 koloko madzulo, mvula ikuyambanso kuwaza.

E.K., Kachulu, Zomba

Mayi E.K.,

Mwati ndisaseke, koma ndasekako ndithu, mpaka ndinafika pa dzanja paja. Pamenepo ndinasiya. Dzanja lochita dzanzi mbali imodzi, kwa munthu wa BP, lingakhale chenjezo la matenda amene anagwetsa mayi anu. Kubwerera kwake sikutanthauza kuti zatha. Musadikire kumapeto kwa mwezi. Tsiku limene muwerenge izi pitani kuchipatala akakuyezeni, ngakhale kuvula nsapato n'kuyenda m'matopemo. Likadzachitanso dzanzi, kapena pakamwa pakapotoka, kapena mawu akamavuta kutuluka, anthu akunyamuleni nthawi yomweyo.

Poti pakamwa panu ndi polemera, musalimbane napo. Ng'ambani tsamba lino la nyuzipepala mukawapatse a Jessie awerenge okha, inu muzingoyang'ana pansi monga mwa nthawi zonse. Za manyazi awo zisakuvuteni. Mlangizi wa zaumoyo sachita manyazi ndi munthu wamoyo amene wamuuza zoona. Manyazi enieni angadzawagwire tsiku limene angadzaone pamachira munthu amene foni ikuti akuseka. Ndipo sindikukhulupirira kuti muli nokha. Kumeneko ziliko foni zina zimene zikugona m'zimbowera, ndi amayi ena oleredwa bwino ngati inu. A Jessie ayenera kudziwa zimenezi. Kuima pagulu mukhoza kukana, palibe amene anamangidwapo chifukwa chokana kulankhula. Koma gulu la miyezi itatu musalowemo kufikira atakuyezani n'kuona okha kuti BP yakhazikika.

Mayi wa m'foniyo si apongozi anu. Sakhumudwa, ndipo sakakunenani kuchitsime. Anamuika mmenemo kuti amve za mutu ndi miyendo. Ngati ulemu ukukukanikani kusiya, muyankheni pakamwa kuti mwadzuka bwino, mufunsenso za ana ake ngati mukufuna, koma chala chidine zoona.

Bwererani ku moto wanu uja, poti sunakunamizenipo. Ikani mankhwala pamodzi ndi machesi, pamwamba pamene Gift sangafikire. Foni ikhale yongothandizira. Masiku amene munaphonya musawabweze pomwa ambiri nthawi imodzi, kawauzeni achipatala akuuzeni chochita. Mchere m'ndiwo chepetsani, wofuna wambiri awonjezere m'mbale mwake. Funsaninso a Jessie kuti zizikhala bwanji foni ikapita kunyanja. Mwina angakulembetseni pa foni ya mnansi amene sachoka pamudzi. A Pitala muwauze kuti mayi uja akafunsa iwo ali panyanja, amusiye afunse. Kusayankha kuli bwino kusiyana ndi kuyankhira munthu amene sunamuone.

Bodza la foni yogwera m'nyanja lisiyeni. Foniyo ili moyo, ndine mboni. Kalata yanu itangondipeza ndinaimba pa nambala ija kuti ndikufulumizitseni. Anayankha ndi a Pitala, mphepo ikuwomba m'foni. Sindinaulule za kalata, ndinangowapempha atume munthu kumtunda adzakuuzeni kuti mukayezetse osazengereza. Ndisanadule ndinafunsa kuti, "Amayi ali bwanji kunyumba?" Anati, "Ali bwino kwambiri, palibe vuto." Nditafunsa kuti anakuonani liti, anayamba kuseka.

Mwaona, mayi? Foni ikuti muli bwino, amuna anu akuti muli bwino, a Jessie akuti muli bwino. Amene akudziwa za dzanja lija ndi inu nokha. Mukapitiriza kudina kankhope koseka, Gift adzakula akudyetsa anthu awiri pamphasa imodzi.

Aphungu