Munda Wanu Wasamutsidwa, Amayi

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Senga Bay tilipo. Mpongozi wanu Esinati anachira mwezi watha, mwana wamkazi wamapapo amphamvu. Mpunga unabereka ndithu, koma nkhani ya munda wanu yandiwawa.

Mukukumbukira ntchito yanga ya pakompyuta, ija munkati ndimangogogoda ngati gogomole? Bungwe la alimi kusikimu ya mpunga linandipempha kapulogalamu kosunga minda. Munda uliwonse ndinaupatsa njira yake, kuchokera pamwamba kutsika: sikimu, chigawo, banja, kenako nambala ya munda, pakati pake timizere topendeka. Kapulogalamuko kamakana njira yodumpha sitepe, ya dzina losalembedwa, kapena munda umodzi wokhala pansi pa mabanja awiri. Ndinakayesa kambirimbiri mpaka ndinakhutira kuti palibe angabere mnzake.

Wolowetsa maina ndi mlembi wa bungwelo, achimwene Yohane, mwana wanu woyamba. Ndinawaphunzitsa ndekha pakhonde panga, tikudya mango. Anandifunsa mofatsa, "Nanga munda ukafunika kusamutsira ku banja lina, zimatheka?" Ine ndinawasonyeza, ndikunyada kuti akulu akuphunzira kwa mng'ono.

Sabata yatha mlongo wanga Chikondi, amene munamusiyira munda uja, anapita kukakonza nazale. Anapezamo mlamu wawo wa achimwene akulima. Nditatsegula kompyuta ndinaona munda wanu uli pansi pa banja la akuchikazi awo. Njira yake yolembedwa bwinobwino, sitepe iliyonse pamalo pake. Kapulogalamu kanga kanavomera, poti kamangoona kalembedwe. Sikadziwa kuti munawokera mmenemo muli ndi pakati pa Chikondi, matope m'mawondo.

Achimwene ndinawalondola kwawo. Sanandipatse ngakhale mpando. Anangoti, "Si makina ako omwe avomera?"

Amayi, ndinangotembenuka nkubwerera kwathu. Munkanena kuti njoka yoopsa ndi ya m'mkeka wako womwe, ine nkumaseka. Mpeni ndinanola ndekha, nkuwapatsa ndi manja awiri.

Lachisanu kuli msonkhano wa alimi. Ndikaimirira pamaso pa onse nkusonyeza tsiku limene mundawo unasamutsidwa, ndi dzina la wosamutsayo, pakuti zimenezo kapulogalamuko kanasunga. Ndawonjezanso lamulo: munda susamuka popanda mboni ziwiri za m'banjamo. Mundikhululukire pochititsa manyazi mwana wanu pagulu. Koma ndikulonjeza, mvula ikagwa Chikondi awokera m'munda mwanu, ine ndikumunyamulira mbande.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani