Mnyanga Wopezeka M'munda Mwathu: Msonkhano Wadzidzidzi wa Komiti ya Ulimi

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Pabalaza pa Mayi Ida Mwangonde, South Bend
Anabwera: Bambo Chester Nkhonjera (Wapampando), Mayi Ida Mwangonde, Mayi Belinda Kachingwe, Tusekele Mwafongo (Mlembi)
Sanabwere: Bambo Gray Chikaonda (ali ku Lawrence, ati "kukaona mlamu")

1. Kutsegula
Mayi Mwangonde anapemphera mwachidule, poti aliyense mtima unali dyokodyoko.

2. Za mnyanga
Wapampando anafotokoza kuti Bambo Chikaonda, pokumba ngalande m'munda umene timabwereka kwa mlimi wina, anafukula mnyanga wautali kuposa munthu. Anatumiza chithunzi pagulu lathu la pafoni, kenaka anakumbukira kuti kumudzi wopezeka ndi mnyanga wa njovu amakagwira ukaidi. Anachidilita, kukwiriranso mnyangawo, kudzalapo maungu, n'kuliyatsa liwiro. Potsanzika akazi awo anati basi, boma liwathamangitsa m'dziko la eni ake lino.

Mayi Kachingwe, ogwira ntchito ku yunivesite, anati chithunzicho anali atachiseva kale ndipo anakaonetsa akatswiri. Si njovu ayi, ndi masitodoni, chinyama chaubweya chomwe mtundu wake unatha zaka zoposa zikwi khumi zapitazo. Mlandu palibe, ndipo mwini malo walola kuti akatswiriwo adzakumbe.

Mayi Mwangonde anaimba nthungululu. Wapampando anapempha bata, koma nawonso anali ataimirira.

3. Chinamaliza nyamazi n'chiyani?
Mayi Mwangonde anati n'chigumula cha Nowa, nkhani yatha. Mayi Kachingwe anati akatswiri amatsutsana: ena akuti nyengo inasintha, ena akuti alenje akale anazimaliza ndi mikondo. Wapampando anati iwo anthu amawadziwa bwino. Kwawo ku Rumphi kunkadutsa njati kuseri kwa nkhokwe, lero ngakhale gwape ngosowa. Panabuka phokoso. Sipanapezeke chimodzi.

4. Zina ndi zina
Komiti inaimbira foni Bambo Chikaonda. Atamva zonse, tinawamva akulira. Anafunsa kuti: "Ndiye ndibwere kwa ana anga? Simukundinamiza, achimwene?" Wapampando anati abwere lero lomwe.

Atauzidwa za mfundo yachitatu, anapempha kuti ngati akatswiri angapeze kuti nyamayo anaipha ndi anthu, zilembedwe poyera kuti sanali iwowo. Komiti yonse inavomera. Zalembedwa: sanali a Chikaonda.

Msonkhano wotsatira: Loweruka likubwerali, kumunda. Tinatseka 5 koloko madzulo.

Wapampando: C. Nkhonjera
Mlembi: T. Mwafongo